Akuti Chifalansa changa ndi cha ku Africa

Lero nde ndatopa anthu inu. Ndangolowa m'mawa pa sukulu yomwe ndimaphunzitsa Chifalansa kuno ku America, ahedi kundiyitana, akumwetulira kuja kwa mano okhaokha, akuti kholo lina lalemba imelo kuti mwana wake sakumva chifukwa Chifalansa changa ndi cha ku Africa, iwo akufuna cha ku Paris. Mwana wake uja amagona pa desiki belu mpaka belu, mahedifoni m'makutu, chaka chafika pakati être ndi avoir, maverebu oyambirira a Chifalansa, kwa iye ndi mapasa. Koma vuto ndi lilime langa eti.

Ine amene ndinakhetsa thukuta ku Chanco zaka 4, ndaphunzitsa a folomu 4 zaka zambirimbiri ana nkumakhoza MSCE, kufika kuno ku North Carolina mapepala anga akuti akawunikidwe kaye, ndalama, layisensi ndalama, mayeso a aphunzitsi otchedwa Praxis ndalamanso, ndinakhoza bwinobwino ndi pakamwa pomwepa. Ndinafuna ndiwafunse ahediwo kuti mukudziwa kuti oyankhula Chifalansa tsiku ndi tsiku ambiri ali ku Africa konko? Kinshasa, Abidjan, Dakar, onsewo akuyankhula chabodza? Koma ndani angatsegule pakamwa ali pa J-1, viza yake yomangidwa ku ntchito ngati mbuzi pa chikhomo. Ndinangoti zikomo bwana, ndiyesetsa. Kuyesetsa chani kaya, kusintha lilime?

Kalasi yanga ndilibe paja. A Chisipanishi ali ndi zipinda zawo, mbendera mbwee pakhoma, ine ndimakankha kangolo ka mabuku m'makolido ngati wogulitsa ma freezes pa depoti, gudumu limodzi limalira kwiii ana amadziwiratu kuti Monsieur akubwera. Ma marker, mapepala, ndigule ndekha, akuti pa msonkho udzachotsako timadola tochepa, ngati ndi chifundo. Chaka chilichonse mphekesera zoti Chifalansa achichotsa ana ndi ochepa. Mwana kukutukwana sungakweze mawu, ulembe lipoti, uyimbire kholo, kholo lake lomwe lija la ku Paris. Sabata yatha anandiyitanira ku ofesi kuti ndimasulire banja lina la ku Congo loyankhula Chiswahili, poti ndine wa ku Africa basi. Pamenepo chi Africa changa chinali chokoma, chaulerenso.

Ndipo nanenso ndine chitsiru, ndinajambulitsa pa snow nditavala jekete yobwereka nkuponya pa Facebook, lero mudzi wonse ukudziwa kuti ndalama ndikutola pansi. Feteleza ine, fizi ine, maliro ine. Lendi ikadya, inshuwalansi ya galimoto ikadya, chotsala ndi ma noodles.

Cha ku Paris! Mayi wa imelo ameneyo ndikukayika ngati anakwerako ndege.

Koma chandiwawa si imeloyo ayi. Madzulo ndaimba kunyumba, mwana wanga wamkazi ali folomu 2 ku Zomba, akuti adadi Chifalansa chikundivuta aphunzitsi athu anachoka. Ine ndili kuno kunyengerera ana a eni omwe sakuchifuna, wanga akukopera notsi kwa anzake. Viza yanga ndi ya zaka 3, amatha kuwonjezera 2, mafomu owonjezerawo ali pa tebulo sabata yachitatu ino sindinawakhudze. Mwana wangayo ndamuuza atenge kope, tayamba je suis, tu es pa WhatsApp, netiweki ikudukaduka, iye akubwereza mmene ndikutchulira inemo, mpaka bandulo yake yatha tili pa nous sommes.