Nkhanga ya Rungano Nyoni ikulira pamaliro athu

Ndakhala ndikusinkhasinkha za ntchito ya Rungano Nyoni, mayi wopanga mafilimu amene anabadwira ku Lusaka mu 1982 n'kukakulira ku Wales, ndipo ndikuona kuti ndi mmodzi mwa anthu ochepa olimba mtima amene amatulutsa poyera nkhani zimene amayi amanong'onezana kuseri kwa nyumba.

Filimu yake yoyamba yaitali, I Am Not a Witch, inatuluka mu 2017 ndipo inapata mphoto ya mafilimu ya ku Britain yotchedwa BAFTA mu 2018. Asanaijambule, iye anakakhala pamsasa wina wa amayi onenezedwa ufiti ku Ghana kuti adzionere yekha moyo wawo. M'filimumo, kamtsikana kotchedwa Shula kamamangidwa ndi riboni yoyera yaitali n'kuopsezedwa kuti kakaidula kasanduka mbuzi. Aliyense amene anamvapo za gogo wina atathamangitsidwa pamudzi chifukwa choti mwana wamwalira mwadzidzidzi sangaone nkhaniyi ngati yachilendo.

Koma imene yandigwira mtima kwambiri ndi yachiwiri, On Becoming a Guinea Fowl (kutanthauza kusanduka nkhanga), yomwe inatuluka mu 2024, patadutsa zaka 7, n'kumupezetsa mphoto ya wotsogolera filimu wabwino m'gawo la Un Certain Regard pa chikondwerero cha mafilimu cha ku Cannes, ku France. Anthu ena amadandaula kuti zaka 7 n'zambiri, koma ine ndikuona kuti nkhani yolemera chonchi siingaphikidwe pamoto waudzu. M'filimuyi, mtsikana akuyendetsa galimoto usiku ndipo akupeza mtembo wa amalume ake uli pamsewu. Maliro atayamba, pang'onopang'ono zikuululika kuti malemuwo ankagona ana aakazi a m'banja momwemo, ndipo akuluakulu ankadziwa koma anasankha kukhala chete pofuna kusunga ulemu wa banja. M'malo momufunsa wakufayo mlandu wake, achibale akutembenukira namfedwa, mtsikana wamng'ono wokhala ndi ana, n'kumamunena kuti sanasamale mwamuna wake.

Zimenezi ndinazionapo ndi maso anga pamaliro ena kumudzi kwathu. Namfedwa anakhala pansi pakona ya siwa, nsalu ili kumutu, maso atatupa, pamene azilamu ake ankawerengetsera kale mbale, mipando ndi malata a nyumba. Ife tinali kumafuwa tikuvundula nsima, utsi uli m'maso, ndipo mayi wina wachikulire anandigwira mkono n'kundiuza kuti za m'banja sitiulula. Mpaka lero ndimamva chisoni kuti tsiku limenelo ndinamumvera.

N'chifukwa chake dzina la filimuyi limandilasa. Nkhanga ikaona chilombo chikubwera imalira mokweza kuchenjeza zinzake, ndipo Nyoni akufunsa ngati pakati pathu pali wina wokonzeka kulira chotero ngakhale achibale atamuda. Chimene ndimamulemekezera n'chakuti saonetsa amayi ngati angelo okhaokha, chifukwa azakhali amene amakumbatira ana ndi omwewo amene amawatseka pakamwa.

Chondidandaulitsa n'chakuti filimu yojambulidwa ku Zambia, yomwe anthu ake akuyankhula Chibemba, yaonedwa kwambiri m'mayiko akutali kusiyana ndi ku Chipata, ku Mchinji kapena ku Lilongwe. Ndikulakalaka itamasuliridwa m'Chichewa n'kuonetsedwa m'maholo a sukulu ndi a mipingo, atsikana atakhala pamodzi ndi azakhali awo komanso anankungwi, kenako nyale zikayatsidwa akambirane.