Anyamata a makamera, mwagula chojambulira mpira kapena chovala m'khosi?

Loweruka lapitali ndinakaonera mpira wa bonanza pa bwalo lina kuno ku Nkhotakota, ndipo ndinabwerako mtima ukuwawa. Mnyamata wina wamsinkhu wa mdzukulu wanga anafika ndi kamera yatsopano, lamba wake akadali wopindikapindika chifukwa chongotuluka kumene m'katoni. Lenzi yake inali kaja kobwera limodzi ndi kamera, ka 18-55mm, kosafika patali (nambala ya mm ikamakula, m'pamene lenzi imakoka za kutali). Ataona kuti akaima kunja kwa chingwe osewera akutuluka ang'onoang'ono, nkhope zosazindikirika, anadumpha chingwecho n'kukanjuta pafupi ndi mtengo wa golo, phazi limodzi lili m'bwalo. Goloboyi anamukalipira. Oyimbira anaimitsa mpira n'kumuuza kuti achoke. Anasuntha pang'ono, oyimbira atangotembenuka iye n'kubwerera pomwepo, diso lili m'kamera. Posakhalitsa wosewera kutsogolo anaumenya mpira uli m'malere, unaphonya golo, koma mnyamatayo sunamuphonye. Kamera inamung'amba pamwamba pa diso, magazi chuchuchu, lenzi n'kuthyokera polumikizira penipeni, n'kugubudukira m'fumbi. Anamukweza pa kabaza kupita naye kuchipatala. Mnzake amene anatsala akutola zidutswa ndiye anandimaliza. Akuti, "Agogo, kameratu ndi yangongole, mayi ake anakatapa ku banki m'khonde."

Ana inu, mwatani kodi?

Amene anamutuma mwanayo pa mtengo wa golo ndi lenzi yake. Bwalo la mpira wa miyendo la muyezo ndi mamita 105 m'litali, 68 m'lifupi. Inu mukubwera ndi 55mm, mukuyembekeza kuti muone thukuta pa chipumi cha munthu amene ali tsidya lina la bwalo? Ndiye poti lenzi yalephera kufika, mukuti miyendo yanu ifike m'malo mwake. Lero mwadumpha chingwe, mawa muli pa kona mukulimbana malo ndi womenya konayo, mkuja chigoli chikalowa mukuthamangira m'kati limodzi ndi masapota, kamera ikulendewera pamimba. Mpira umalemera magalamu 410 mpaka 450, ndipo wosewera wamphamvu amauthamangitsa kupitirira makilomita 100 pa ola. Ukachokera pa mzere wa bokosi, mamita 16.5, sekondi imodzi siikwana usanakupezeni. Diso limodzi mwatsinzina, lina lili m'kamera, muuzinda bwanji?

Chimene chimanditopetsa n'chakuti mukabwera kwa ine funso lanu ndi limodzi lomwelo: "Agogo, iyi ndi ya ma megapixel angati?" Sindinamvepo wina akufunsa kuti imatola zithunzi zingati pa sekondi, kapena ngati autofocus yake, ija yolunjikitsa yokha lenzi kuti munthu aoneke bwino, imatha kutsatira munthu amene akuthamanga molunjika kwa iwe. Mwamva 24, basi mtima dyokodyoko, ndalama zonse mwapereka. Canon 2000D ili nawodi ma megapixel 24, koma imatola zithunzi 3 pa sekondi ndipo ili ndi timadontho 9 ta autofocus. Pa ukwati ili bwino, mkwatibwi sathawa. Koma pa mpira munthu amalumpha, kugunda ndi mutu, n'kutera pansi, inu mwatola asanalumphe ndi atatera kale. Canon 7D yakale ija, yotuluka mu 2009, ili ndi ma megapixel 18 okha, koma imatola 8 pa sekondi. 7D Mark II ya mu 2014 imatola 10, ili ndi timadontho 65. Nikon D500 ya mu 2016 nayonso 10, timadontho 153. Amenewa anawapangira zinthu zothamanga. Koma mukawaona m'manja mwa wogulitsa, penti atasupuka m'makona, mumanyansidwa, mukuti anzanu akusekani kuti mwagula ya kaunjika. Mukufuna yonyezimira. Mwabwera kudzajambula kapena kudzajambulidwa?

Ndipo ngakhale mutasankha bwino kamerayo, bwanji ndalama zonse mukuthera pa iyo, lenzi n'kutsala ya bola ilipo? Munamuonapo msodzi kugombe kuno atagula injini yatsopano ya boti, n'kulowa pa nyanja wopanda ukonde? Pa mpira lenzi ndiyo imagwira. Ngati thumba ndi lochepa, gulani kamera yakale yolimba, zotsalazo ziponyeni pa lenzi. Makamera amasinthasintha chaka ndi chaka, lenzi yabwino imakukalambitsani.

Sindikunena kuti mukagule 400mm f/2.8 imene mumaiona pa kanema ndi ojambula a ku England. Imeneyo mtengo wake ndi wa galimoto, isiyeni. Mpira wathu kuno timasewera masana dzuwa likuswa mtengo, ndipo umenewo ndi mwayi womwe anzathu ojambula usiku alibe. Lenzi ya 70-300mm, kapena 55-250mm kwa a Canon, ikugwirirani ntchito. Makamera ambiri amene muli nawowa ndi a sensa yaing'ono (kachipangizo kolandira chithunzi m'kati mwa kamera), ndiye 300mm imaona ngati 480mm pa Canon, ngati 450mm pa Nikon. Mwakhala phee kuseri kwa mzere, theka la bwalo lonse lili m'manja mwanu. Amene wapeza bwino asake 70-200mm. Nambala ya f ikamachepa, m'pamene lenzi imalowetsa kuwala kochuluka. Ya f/2.8 imalemera pafupifupi kilogalamu ndi theka, mkono umadziwa kuti lero kunali ntchito, koma imalowetsa kuwala kochuluka kanayi kuposa ya f/5.6. Mudzaikumbuka mu June, mpira ukachedwa kuyamba chifukwa timu ina yafika mochedwa pa lole, dzuwa n'kumapendekera ku mapiri a ku Ntchisi chigawo chachiwiri chisanathe. Ya f/4 ndi yopepuka ndi theka, mtengonso ndi wotsikirapo. Sigma ndi Tamron amapanga zawo, kuphatikizapo 150-600mm yofika kutali kwambiri, ngakhale imeneyo imafuna dzuwa lokwanira ndi mwendo umodzi uja woimikirapo, monopod. A ntchemberembaye ndiye musadzivutitse n'komwe: bwalo lawo ndi mamita 30.5 okha m'litali, 70-200mm ndi yokwana, ngakhale ka 50mm f/1.8 kotchipa kaja kamatulutsa zithunzi zabwino ukaima pafupi ndi golo, kunja kwa mzere.

Zonsezi zilipo, koma inu mukukatenga chiyani? Chimpope chija cha 420-800mm chimene mwachiona pa intaneti. Chachitali, chochititsa kaso, aliyense pa bwalo akucheuka. Mwawerenga zolembedwa pambali pake? Chimayambira f/8.3 n'kukathera f/16, autofocus chilibe, muzipotokola ndi dzanja. Mupotokole ndi dzanja kutsatira mwana wa zaka 19 amene akuthamanga ndi mpira kuphiko? Pofika poti mwamupeza, anthu akuvina kale chigoli. Chimenecho kajambulireni mwezi.

Nanga awa ogula osayesa? Munthu waona chithunzi cha lenzi pa WhatsApp, wogulitsa sakumudziwa, akuti ali ku Johannesburg katundu abwera pa basi, iye ndalama watumiza kale pa foni. Ikafika, ngati yafika n'komwe, ikukana kulowa pa kamera. Simunadziwe kuti ya Canon siilowa pa Nikon? Kuti ngakhale pa Canon pomwepo, lenzi ya mtundu watsopano wa RF siilowa pa kamera ya mtundu wakale wa EF? Wina wa ku Dwangwa anabwera kwathu nkhope ili gwa, ali ndi kamera yaing'ono ya Nikon ndi 70-300mm yakale, akuti amubera, lenzi ndi yakufa. Lenzi inali yamoyo bwinobwino. Makamera a Nikon a mtundu wa D3000 ndi D5000, mpaka D3500 ndi D5600, alibe kamota kozungulitsa lenzi m'thupi mwawo. Ukaikapo lenzi yakale yolembedwa AF yokha, yopanda S kutsogolo kwake, autofocus siigwira. Funso limodzi asanalipire likanamupulumutsa. Koma kufunsa mumati n'kudzitsitsa.

Kamera ya kaunjika ndakuuzani kuti ndi yabwino, koma osagula mutatsinzina. Shutter, kachitseko kamene kamatseguka n'kutseka potola chithunzi, imatha. Makamera ang'onoang'ono ambiri anawayeza kuti afike zithunzi pafupifupi 100,000, pomwe 7D Mark II ndi D500 ndi 200,000. Mpira umodzi ukhoza kukudyerani zithunzi 1,000. Ndi angati mwa inu anafunsapo shutter count, chiwerengero cha zithunzi zimene kamera yatola kale, asanapereke ndalama? Ndi angati anachotsa zotsekera zonse ziwiri za lenzi, kuunika ndi tochi ya foni, n'kuyang'ana m'kati? Mukaona timizere toyera totambalala pa galasi la m'kati, chimenecho ndi chuku, chimadya galasi, ndipo kuno kunyanja ndi chinyezi chathuchi chimakula msanga. Bwezani pomwepo. Koma ayi, inu mukungoyang'ana ngati dzina la kampani likuwala bwino kutsogolo.

Tsono tinene za amene zipangizo ali nazo zabwino koma akuzichititsa manyazi. Ndimaima kumbuyo kwanu, ndimaona. Kagudumu kosankhira kajambulidwe kali pa Auto kuyambira tsiku logula. Kafulashi kapamwamba kakudzuka kokha, kung'anima masanasana. Kamene kaja kamaunika mamita ochepa chabe, inu mukufuna kaunike pakati pa bwalo? Mukungothobwa m'maso goloboyi ndi kutha batire. Zithunzi zikatuluka miyendo ili mbuu, mukuti kamera ndi yabodza. Munthu wothamanga makilomita 30 pa ola amayenda mamita 8 pa sekondi. Shutter speed, nthawi imene kachitseko kaja kamakhala kotsegula, ikakhala 1/60 ya sekondi, wasuntha masentimita 14 chithunzi chisanatsekeke. Ikakhala 1/1000, sakwanitsa ngakhale sentimita imodzi. Nanga chovuta n'chiyani kuika kagudumu pa Tv kwa a Canon kapena pa S kwa a Nikon, kukweza shutter speed kufika 1/1000, ISO (mphamvu ya kamera yomvera kuwala) n'kuisiya ikwere kuwala kukachepa? Chithunzi cha timchenga chimagulika, cha mbuu palibe amene angachifune. Ndiye wina amandiyankha monyada kuti, "Yangatu ili ndi VR, agogo." VR ndi IS zimaletsa kunjenjemera kwa manja anu, sizigwira miyendo ya wosewera. Autofocus nayo mwaisiya pa One Shot, ya anthu oima pa mzere kudikira chithunzi cha chitupa, pomwe AI Servo kapena AF-C, yotsatira munthu wothamanga, ili pomwepo, kungodina kawiri. Kabuku kamene kanabwera m'katoni munakatani? Kapena munayatsira mbaula?

Ife tinkajambula ndi filimu ya zithunzi 36, n'kudikira kuti ikatsukidwe ku Lilongwe tisanadziwe ngati tagwira kanthu. Inu mukuona pomwepo pa galasi kuti chalakwika, n'kupitiriza kulakwitsa chimodzimodzi mpaka wezulo yomaliza.

Za kasamalidwe ndiye ndingolira. Mwera ukuwomba, fumbi lili kobo pa bwalo, munthu akusintha lenzi kamera itayang'ana kumwamba, kukamwa kuli yasa, iye akucheza. Wina akupukuta galasi ndi malaya omwe wapukutira thukuta, mchenga wa kunyanja uli momwemo, kukanda galasi lokwera mtengo kuposa njinga yake. Wina wagwira chipisi cha mafuta, dzanja lomwelo pa lenzi. Kutentha kwa mu October kuno mukukudziwa, koma kamera mukuisiya pa mpando wa galimoto magalasi otseka. Nyengo ya mvula mukuitsekera m'chikwama chonyowa pansi pa bedi mwezi wathunthu, timapaketi ta silica gel toyamwa chinyezi timene tinabwera nayo munataya tsiku loyamba. Kamemori khadi mwagula pa benchi pa msika, kolembedwa 128GB, mtengo wa mandasi, ndipo tsiku la fainolo kakukana kutseguka, zithunzi zonse zapita. Timu inakulipiranitu theka. Mukaiuza chiyani?

Pitani ku bwalo la Chitowe ku Dwangwa tsiku limene Mafco ikulandira Bullets kapena Wanderers mu ligi yaikulu, mukaone amene amadya za ntchito imeneyi. Mukawapeza atakhala pansi kuseri kwa mzere wa golo, cha kumbali, kutali ndi mtengo, maso onse awiri ali otsegula, lina m'kamera lina pa mpira. Sathamangathamanga. Amasankha mbali yoti dzuwa likhale kumsana, amadziwa timu imene ikuthira nkhondo, amadikira mpira uwapeze. Inu mukuima moyang'anana ndi dzuwa, nkhope za osewera zili bii, kenako mukudzudzula kamera pa Facebook.

Nanunso makolo, mwana akangoti akufuna kamera ayambe bizinesi, mukuthamangira kukatapa ngongole osamufunsa kuti akajambula chiyani, wafunsa ndani, wayesa kuti. Chiwongoladzanja chikuyamba kuwerengedwa iye asanagulitse chithunzi ngakhale chimodzi. Inunso okonza mabonanza, mumatha kulemba anyamata olondera pa geti kuti ndalama isadutse, koma woletsa anthu kukhala pa mzere wa golo mulibe. Mukudikira wina atuluke diso kuti mumange chingwe chachiwiri? Oyimbira akachotsa munthu kamodzi n'kubwerera, mpira uime mpaka atuluke, masapota amukuwize ngati n'kotheka.

Ndipo inu amene mwayamba kugogoda kwathu m'mamawa kuti ndikubwerekeni 70-200mm yanga, pomwe kagudumu kanu sikanachokepo pa Auto, musavutike ndi ulendo. Sindibwereketsa.