Dementia simayamba tsiku limene agogo aiwala dzina lanu

Anzanga, nkhani ya dementia, matenda oiwalaiwala aja, ambiri timaitenga ngati ya okalamba okhaokha, akuti ukadzafika zaka 75 uko ndiye udzaziganizire, panopa tisadzivutitse. Ine ndikuti tikudzinamiza. Ofufuza a m'mayunivesite akhala akulondola anthu kuyambira ali ana mpaka kumera imvi, ku Britain kuli gulu la anthu obadwa sabata imodzi mu 1946 lomwe mpaka lero akuliyezabe, ndiye zomwe zikutuluka n'zoti ubongo umene udzakhale nawo pa zaka 80 ukuumbidwa panopa, mwinanso unayamba kuumbidwa uli ku pulayimale.

Pali gulu la akatswiri lomwe amalitsogolera Gill Livingston wa ku University College London, malipoti awo amatuluka mu magazini ya zachipatala ya Lancet. Mu 2017 anatchula zinthu 9 zomwe zimakweza chiopsezo, mu 2020 zinafika 12, mu 2024 zinafika 14, ndipo akuti zonsezi zitachotsedwa, pafupifupi 45 peresenti ya dementia ikanapewedwa kapena kuchedwetsedwa. Zina mukuzidziwa kale, fodya, mowa wambiri, bipi, shuga, kunenepa kwambiri, kungokhala osatakataka, izi ndi zomwe adokotala amatikalipira nazo kale ndiye sinditayapo nthawi. Zomwe zinandiimitsa mutu ine ndi zina.

Makutu. Eeh makutu enieniwa. Kusamva bwino munthu ali pakati pa moyo, zaka za m'ma 40 ndi 50 umu, anapeza kuti kumatenga 7 peresenti mwa 45 ija, mofanana ndi kolesterol woipa, mafuta a m'magazi aja, pomwe fodya ali pa 2 basi. Ukaganiza bwino zikumveka ndithu, munthu amene sakumva amatopa ndi kumangoti "mwati chani", anzake nawo amatopa ndi kubwereza, pang'onopang'ono amayamba kungokhala chete pagulu kenako amasiyiratu kupita kugulu, ubongo uja ntchito yachepa, ndipo kukhala wekhawekha ukakalamba nako kuli pa mndandanda womwewu ndi 5 peresenti yake. Ku America, a ku yunivesite ya Johns Hopkins anayesa kupereka timakina tothandiza kumva kwa achikulire, zotsatira zinatuluka mu 2023, pa gulu lonse kusiyana sikunaoneke koma kwa omwe anali kale pachiopsezo chachikulu kutsika kwa nzeru kunachepa pafupifupi ndi theka pa zaka zitatu. Si zozizwitsa ayi, koma si zongoseka. Ndiye achinyamata amene mumagona ndi ma earphone akulira mpaka woyandikana nanu akuimba nawo, kaya inu.

China ndi sukulu. Mwana amene sanapite patali ndi sukulu chiopsezo chake chimakwera akadzakalamba, tangoganizani, chinthu chochitika ali ndi zaka 12 kudzamupeza ali ndi zidzukulu. Pali kafukufuku wina wa masisitere 678 ku America, David Snowdon anauyamba mu 1986, anakafukula mbiri za moyo wawo zomwe masisiterewo analemba ali atsikana a zaka za m'ma 20 polowa usisitere, ndipo omwe zolemba zawo zinali zodzaza maganizo ambiri m'chiganizo chimodzi sankadwala Alzheimer, mtundu wofala kwambiri wa dementia, kawirikawiri ngati anzawo aja. Chodabwitsa kwambiri, ena atamwalira ubongo wawo unapezeka ndi zizindikiro zonse za matendawa koma ali moyo ankaganiza bwinobwino mpaka mapeto. Ubongo womwe wagwira ntchito kwambiri umakhala ndi njira zambiri, ina ikatsekeka umadzera ina.

Tsono apa ndi pomwe ndimasiyana ndi anthu amene akangoona mndandandawu amathamangira kulemba kuti "dziteteze wekha, zili m'manja mwako". Zili m'manja mwa ndani? Mwana wa zaka 10 amasankha yekha kuti asiye sukulu? Munthu amasankha mpweya umene akupuma, poti utsi wa mumpweya nawo uli pa mndandanda? Nanga wa ng'ala m'maso amene sanapeze dokotala womuchita opaleshoni, kapena mayi amene wakhala akumenyedwa m'mutu zaka ndi zaka, poti kusaona bwino ndi kuvulala mutu nazo zilipo, tinene kuti sanadzisamale? Gawo lalikulu la mndandandawu ndi homuweki ya maboma, osati ya munthu mmodzi. A WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, akuti mu 2021 anthu 57 miliyoni anali ndi dementia padziko lonse, oposa 60 peresenti ali m'mayiko osauka ndi apakatikati, ndipo chaka chilichonse anthu ena pafupifupi 10 miliyoni amayamba kudwala matendawa, pomwe kafukufuku wambiri wachitikira m'mayiko olemera, zomwe kwa ine ndi vuto palokha.

Komanso 45 ija tisaimve molakwika, ndi nambala ya chigulu cha anthu, si lonjezo kwa iwe kapena ine. Yotsalayo ndi yoposa theka, mmenemo muli ukalamba weniweniwo, muli za kumtundu monga gene, kanthu ka m'thupi kotengera kwa makolo, kotchedwa APOE4, muli zina zomwe sungazisinthe ngakhale utathamanga m'mawa uliwonse. Alipo aphunzitsi a ku yunivesite omwe sanalawepo fodya koma anadwala. Ndiye wina akamayang'ana bambo ake omwe sakumuzindikiranso, musabwere ndi mndandanda wanu kudzafunsa ngati ankamwa mowa, chonde, ameneyo akufuna womuthandiza kusambitsa wodwala, osati woweruza mlandu.

Koma poti zina zilidi m'manja mwathu, ine ndikuona kuti nthawi yofunika kwambiri ndi yomwe timainyozayi, zaka 40 mpaka 60, munthu uli bize ndi ana ndi ntchito ndi ngongole, bipi ikukwera mwakachetechete ikuwononga timitsempha ta mu ubongo iwe ukuti ndili bwino poti palibe chikuwawa. Mapiritsi a bipi anthu amamwa mwezi umodzi n'kusiya ati ndachira. Kukhumudwa kwa nthawi yaitali kuja, depression, timangouzana kuti limba mtima, pomwe nako kuli pa mndandanda. Ku Finland anayesa mu kafukufuku wa FINGER, achikulire 1,260, ena anawasinthira kadyedwe, masewera olimbitsa thupi, zochangamutsa ubongo ndi kuyang'anira mtima zonse pamodzi kwa zaka ziwiri, ndipo mu 2015 zinaoneka kuti anakhoza bwino mayeso a kaganizidwe kuposa anzawo. Amenewotu anali a zaka 60 mpaka 77, ndiye wa 45 amene sakudziwa n'komwe bipi yake, akapime sabata ino, ndi makutu omwe.