Lekani kumanga mafupa a ana ndi malegeni

Inu a ku Chawama, Kanyama, Matero ndi konse kumene mawu awa afike, ndimvereni ine nkhalamba. Mango ayamba kupsa, ana ali m'mitengo, ndipo ndikudziwa zimene zikubwera.

Chaka chatha nyengo ngati ino, kamnyamata ka zaka 9 ka pafupi ndi kwathu kanagwa mumtengo, mkono n'kuthyoka pamwamba pa chigongono. Amalume ake akuti, "Kuchipatala kuli mzere, ine ndikudziwa munthu." Munthuyo anabwera ndi kachikwama kake. Anakoka mkono, kutema mphini, kupaka phala la mizu, kuika timatabwa tiwiri, kenako n'kukulunga ndi malegeni. Malegeni omangira makala pa njinga! Mwana analira usiku wonse, akulu ali phee, akuti ndiye kuti mankhwala akugwira. Pomwe ankapita naye kuchipatala tsiku lachitatu, zala zinali zitazizira ndi kuda. Mkono sanaudule, Mulungu ngwabwino, koma zalazo zinapindika ngati phazi la nkhuku. Mpaka lero pensulo imamugwa.

Musanene kuti agogo awa atengeka ndi za Azungu. Ine ndinakulira ku Katete, ndipo agogo anga aamuna ankalunga mafupa. Ndinkawanyamulira luzi. Ankaluka timabango ngati kamphasa, n'kumanga mosiya mpata woti chala chilowe. M'mawa afika, madzulo afika, kutsina chikhadabo cha wodwala kuti aone ngati magazi akubwerera. Pakatupa, ankamasula. Fupa likabowola khungu sankalikhudza n'komwe, ankati tengani ngolo mupite naye ku chipatala cha St. Francis. Nzeru zake zinali zimenezo. Inu mwatola mizu ndi mphini, chisamaliro chake mwachisiya kumudzi.

Fupa limalumikizana lokha, ana anga. Palibe muzu umene umawotcherera fupa ngati geti ya chitsulo. Chofunika n'choti likhale pamalo pake, lisagwedezeke. Ambiri mwa mafupa a ana amagwirana pa masabata 3 mpaka 6, a wamkulu 6 mpaka 8, la m'ntchafu limatha miyezi 3 kapena kuposa. Wina akakulonjezani masiku 7, akufuna makwacha anu.

Chimene chimapha mkono ndi ichi. Pothyoka pamatupa kwambiri masiku awiri kapena atatu oyamba. Mukamangapo zolimba, magazi amasowa njira, ndipo pakangopita maola 6 mnofu umayamba kufa. Wafa, wafa, subwerera. Nanga kuthowa ndi madzi otentha tsiku loyamba lomwelo, si kuwonjezera kutupa kumeneko? Za kuthira phulusa ndi masamba osinja pabala pamene fupa laonekera, ndiye kuitana mafinya m'fupa ndi kafumbata. Lezala imodzi kutemera anthu angapo, m'masiku a matenda ano, sindinena n'komwe.

Tili mu Lusaka muno. Chawama, Kanyama, Matero, Chilenje ndi Chipata kuli zipatala za boma, zikavuta amakutumizani ku zipatala zazikulu, ku UTH kapena ku Levy Mwanawasa. Inde mzere ulipo, inenso ndakhalapo pa benchi kuyambira mbandakucha mpaka msana kuwawa. Koma X-ray imaona zimene chala cha sing'anga sichingaone: kaya mwangobinya, kaya fupa lasweka zidutswa, kaya mwana wathyoka pamene fupa limakulira.

Munthu akagwa, musakoke, musawongole. Ikani katoni yolimba kapena thabwa pansi pa mkono, mangani mofewa ndi chitenje, vulani mphete ndi zibangili, nyamukani. Ngakhale chikhakha cha kuchipatala chomwe, mukaona zala zachita dzanzi, zayera kapena zada, kapena ululu ukukulirakulira osamva Panado, bwererani nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku.

Ndipo inu amalume aja, ndakuonani dzulo mukulozera mayi wina njira ya kwa munthu yemwe uja. Ndikadzamvanso, ndipita ndekha kwa atcheyamani.