Kapinga akafiira ku Salima, si nzeru zonse za ku Joni zimene zingamudzutse

Kuyambira Ogasiti mpaka mvula itakhazikika, kapinga wa m'makomo ambiri kuno ku Salima amafiira. Mukayenda kuchokera pa boma kulowera ku Senga Bay muona nokha: pamalo ogona alendo a m'mbali mwa nyanja pali biriwiri chifukwa amathirira tsiku ndi tsiku, koma pakhomo pa munthu wamba udzu uli mbuu, ukaupondapo ukungomveka tswatswa. Amene zimawapweteka kwambiri ndi abale athu obwera kuchokera ku Joni. Ambiri a iwo ntchito yawo kumeneko ndi ya m'gadeni, ndipo amaidziwadi, sindikuwanyoza ayi. Koma akabwera kudzamanga kwawo amafuna kusamala kapinga wa kuno potsata miyezi ya kumeneko, ndipo vuto limayambira pamenepo.

Johannesburg ili pamtunda wa mamita oposa 1,700. Mu Juni ndi Julayi kumagwa chisanu usiku, m'mawa udzu n'kuyera mbee, ndipo chisanucho n'chimene chimafiiritsa kapinga wawo. Udzu umene amakonda kubzala ndi kikuyu, wochokera kumapiri ozizira a ku Kenya ndi maiko oyandikana nawo. Chisanu chikatha, cha kumapeto kwa Ogasiti kapena mu Seputembala, amaumeta mpaka pansi, kupala zouma zonse, kuwaza dothi losakaniza ndi manyowa, n'kumathirira. Sachita mantha chifukwa mvula yawo imayamba cha mu Okutobala. Ife tili pamtunda wa mamita pafupifupi 500 okha, chisanu chotero sitichidziwa, ndipo kapinga wathu amafiira ndi ludzu. Mvula yodalirika imafika kumapeto kwa Novembala, zaka zina mu Disembala mwenimweni.

Alamu anga ena nditawapeza akumeta bwalo lawo ndi chikwakwa mwezi wa Ogasiti, ndinawafunsa kuti, "Alamu, mukumumetera chiyani mpaka dothi?" Iwo anati, "Timatero ku Joni, alamu. Ukameta chonchi amatuluka watsopano." Ananena zoona za kumene anachokera. Koma kuno munthu akatero wavula dothi malaya miyezi itatu ya dzuwa loswa mtengo isanayambe n'komwe. Dothi lathu la kunyanja ndi lamchenga, masana limatentha moti mwana wosavala nsapato sangaimepo. Masamba ouma amene tikudana nawowo ndi amene amaphimba mizu. Mukawachotsa, mphepo imauluza dothi lapamwamba, mizu n'kukhala pamtunda, ndipo mvula yoyamba ikagwa mwamphamvu imakokolola chotsalacho.

Kikuyu nayenso sindingamulimbikitse kuno. Amafuna madzi ambiri ndi nyengo yofunda pang'ono. Kapinga wathu wamba, yemwe alimi amalimbana naye m'minda, ndiye woyenera dera lino. Ali ndi mitsitsi yoyanga pamwamba ndi ina yoyenda pansi pa dothi, ndipo madzi akasowa amangogona, kusunga moyo pansipo. Mukafuna kudziwa ngati wafa kapena wagona, gwirani chiputu chimodzi n'kukoka. Chikakana kuzuka, fukulani pang'ono ndi chala, muthyole mtsitsi umodzi. Mukapeza mkati muli moyera ndi molimba, musiyeni, ali moyo. Wakufa amazuka wopanda kulimbana, ndipo mitsitsi yake imafumbutuka m'manja.

Ku Harare ndi ku Lusaka anthu opeza bwino ali ndi yankho lawo: kukumba chitsime chakuya, kuikamo pampu yamagetsi, n'kumathirira chaka chonse. Mukaona mpanda umene kunja kwake kuli udzu wobiriwira mu Okutobala, kawirikawiri mkatimo muli chitsime chotere. Ambiri timasirira, koma ine njira imeneyi sindiikhumbira. Chilala cha 2024 chinaonetsa malire ake: madzi atachepa m'damu lopangira magetsi la Kariba, magetsi ku Zambia ndi ku Zimbabwe ankazima maola ambirimbiri pa tsiku, ndipo pampu yopanda magetsi situlutsa ngakhale dontho. Chaka chomwecho kuno kwathu boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi chifukwa cha chilala chomwecho.

Tiwerengere limodzi. Kuti kapinga akhale wobiriwira nthawi yotentha amafuna malita pafupifupi 25 pa sikweya mita iliyonse pa sabata, ndipo pamchenga amafuna oposa apo. Bwalo la mamita 10 m'litali ndi 10 m'lifupi ndiye kuti malita 2,500 pa sabata, zidebe 125 za malita 20. Ngati ndi madzi a pampopi, bilu yake idzakuuzani yokha. Ngati ndi a pamjigo, funsani kuti amene asenze zidebe zimenezo ndani, chifukwa m'makomo mwathu timadziwa kuti ndi amayi ndi ana. Ndipo kuthirira pang'onopang'ono tsiku lililonse, kongonyowetsa pamwamba, n'koipa kuposa kusathirira: mizu imakwera kutsata chinyezicho, dzuwa n'kuipsereza. Amene ali ndi madzi athirire kokwanira kamodzi kapena kawiri pa sabata, m'mamawa. Amene alibe amusiye kapinga agone.

Kumene ndimaona nzeru yotengera ndi ku Cape Town. Madamu awo atatsala pang'ono kuuma, kuyambira pa 1 Febuluwale 2018 munthu aliyense ankaloledwa malita 50 okha pa tsiku, ndipo kuthirira udzu ndi madzi akumwa a pampopi kunali koletsedwa. Madzi a sabata imodzi a bwalo lija ndi madzi a munthu mmodzi a masiku 50 pa muyezo umenewo. Anthu olemera omwe analola kapinga wawo kufiira, ndipo panalibe manyazi. Anaphunzira kusambira m'beseni n'kusunga madziwo. Ife zimenezi si zachilendo, timasamba ndi chidebe kale. Chimene timalakwitsa n'kutayira madzi osambira ndi otsukuluzira zovala pamalo amodzi kuseri kwa bafa, pamene pamasanduka matope oswera udzudzu. Madzi omwewo akhoza kusunga kachigawo ka kapinga pafupi ndi khonde. Muzingosinthasintha pothira, ndipo musathire okhala ndi Jik, mchere kapena mafuta a m'mapoto.

Anzathu a ku Tete amatentheredwa kuposa ife, ndipo amene mwadutsako pa basi mwaona makomo ambiri: bwalo losesedwa bwino, mtengo wa mthunzi, basi. N'chimodzimodzi ndi midzi yathu ya ku Khombedza kapena ku Chipoka. Agogo athu sankasesa bwalo chifukwa chosadziwa udzu. Pabwalo loyera njoka imaonekera patali, ndipo moto wolusa sufika pa tsindwi. Sindikunena kuti tizule kapinga yense. Fumbi la mu Okutobala timalidziwa, ndipo udzu umalichepetsa ngakhale uli wouma. Ndikunena kuti bwalo lonse siliyenera kukhala la udzu. Pansi pa mango, pamene kapinga amakana chifukwa sakonda mthunzi, mukhoza kungosesa, kapena kuyesa udzu umene ku Joni amautcha LM, dzina lochokera ku Lourenço Marques, Maputo wa lero. Umenewu umapirira mthunzi, koma sufuna kumetedwa pansi kapena kupondedwapondedwa.

Tsono si kufiira konse kumene kuli kwa ludzu. Bwalo likafiira lonse mofanana, ndi chilimwe. Likafiira zigambazigamba, gwadani muyang'anitsitse. Mukaona timizere ta dothi tokuta udzu, kapena udzu wodulidwa tizidutswa n'kuunjikidwa pa kauna, ndi chiswe. Kabwalo kakang'ono kopsa pakati koma kobiriwira kwambiri m'mphepete ndi pokodzera galu. Thiranipo madzi ambiri. Mizeremizere yopserera ndi feteleza, makamaka Urea wowazidwa pouma. Chonde, feteleza asapite pa kapinga wogona, n'kutaya ndalama komanso kumuwotcha. Mvula ikayamba, kapinga wanthete akamatha m'masiku ochepa ngati wadyedwa ndi mbuzi, yang'anani ntchemberezandonda, zimakonda udzu wophuka kumene.

Chizolowezi chathu chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi kutentha. Ena amati ukatentha amaphuka bwino. Kapinga amaphukadi pa lupsa, koma akanaphukabe popanda moto, ndipo zimene zapsazo zikanawola n'kudyetsa mchengawo. M'makomo a mipanda ya udzu ndi makhitchini ofolera ndi udzu, moto wa pabwalo nthawi ya mphepo ndi ngozi yeniyeni.

Cha ku Joni chimene ndingatenge ndi kuwaza dothi la manyowa kuja, koma pa nthawi yathu. Mvula ya chizimalupsa isakupusitseni, imatha kugwa kamodzi n'kusowa masabata atatu. Dikirani dothi linyowe mpaka pansi. Pamenepo palani zouma mopepuka, muwaze manyowa a ng'ombe kapena a mbuzi owola bwino, osefa, ochepa oti nsonga za udzu zizioneka. Pamene pafa, dulani mitsitsi ya kapinga m'mbali mwa msewu kapena m'munda n'kuikwirira m'timizere, nsonga zili kunja. Ndipo pometa, musiye udzu wotalika ngati zala zitatu zopingasa, makamaka kumeta komaliza kwa mu Epulo kapena Meyi, chifukwa umenewo ndi umene udzaphimbe mizu mpaka Novembala.