Anyamata inu, pasiwa si pa Rufaro

Ndadikira masiku atatu kuti mtima utsike. Ndikanalemba tsiku lomwe tinachokera kumanda ku Granville, pakamwa panga pakanatuluka mawu osayenera munthu wa imvi. Koma zimene ndinaona pamaliro a mbale wathu ku Mufakose kuno ku Harare sabata yatha, ayi, sizoti munthu n'kugona nazo.

Pakati pa usiku, amayi a chigwirizano ali m'nyumba kuimba, mayi wamasiye ali pamkeka atagwira tsaya, ife abambo tikuwotha moto panja, tinangomva kuseri kwa nyumba: "Chigoliii!" Kenako phwete, kuombana m'manja. Ndinanyamuka kukasuzumira, ndimayesa ndi oledzera odutsa mumsewu. Anali ana athu omwe. Anyamata asanu ndi mmodzi, ena a ndevu zawo, ataunjikana pa mafoni awiri akumenya mpira wa pafoni uja. Mmodzi mwa iwo ndi mwana wa mlongo wake wa malemu. Amalume ake ali gone m'bokosi, pakati pawo pali khoma lokha, iye akukuwa ngati ali ku bwalo la mpira la Rufaro, timu ya Dembare yathira CAPS chigoli. Ndakudziwani nonse, makolo anunso ndimawadziwa. Maina sinditchula lero.

Musandiyese nkhalamba yodana ndi zamakono. Masewerawo ndawalawa. Mdzukulu wanga anandiphunzitsa pa Khirisimasi, n'kundikwapula zigoli 7 kwa duu, ndinaseka mpaka misozi. Zala izi zinaumira pa makina ku Southerton, sizimvera pagalasi la foni. Koma kukoma kwake ndinakumva: umafunika maso akuthwa, umafunika kuganiza msanga, ndipo ukagonja mtima umati "kamodzi kokha, ndibweze". Ndiye msampha wake umenewo. Tsiku limenelo tiyi wanga anazizira pathebulo osamwedwa. Ngati zinandigwira ine wa zaka zopitirira 70, kuli bwanji inu? N'chifukwa chake chinthu chotere umachisiya kunyumba ukamapita pazovuta, monga momwe womwa wanzeru sapita ndi botolo kutchalitchi.

Mafilimu nawonso ndimaonera, ndipo imene yandikhala mumtima posachedwapa ndi ya William Kamkwamba, mnyamata wa ku Wimbe ku Kasungu. Inatuluka mu 2019 pa Netflix. Chiwetel Ejiofor ndiye anaitsogolera, yemweyonso n'kusewera ngati bambo a mnyamatayo. Chichewa chake chimatsimphina, ndinamwetulira kangapo, koma ndinamukhululukira. Kodi chathu cha kuno ku Harare sichinavale Chishona mpaka m'miyendo? Njala ija ya 2002, anthu akulimbirana chimanga, banja likudya kamodzi patsiku, ndinachita kuimitsa kaye filimuyo kuti ndipume, chifukwa makalata a abale opempha thandizo chaka chimenecho ndikadawasungabe m'sutikesi. Mwanayo anamuchotsa sukulu chifukwa cha fizi. Sanakhale pansi n'kumalira. Anakalowa m'laibulale, anapeza buku la zamagetsi, anatolera zitsulo zotayidwa ndi njinga ya bambo ake n'kupanga makina oyendera mphepo. Ena mwa inu munaionera, mumaitama pa Facebook kuti "ndi wakwathu ameneyu". Chabwino. Kaionereninso, koma tsopano muyang'anitsitse poyambira pake. Imayamba ndi maliro. Muone mmene mudzi wonse waimira, muone Gule Wamkulu akufika. Mudzandiuze ngati pali wina akuseka kuseri kwa nyumba.

Mwina simudziwa chifukwa chake ife akuluakulu nkhani ya maliro timaigwira ndi manja awiri kuno. Agogo anu anabwera m'dziko muno ena ndi bungwe lolemba anthu ntchito la Mthandizi, ena wapansi kudzera ku Tete, kudzagwira ntchito m'mafamu, m'migodi ndi m'nyumba za azungu, mzinda uno ukadali Salisbury. Kwawo ankawatcha matchona. Kuno analibe manda a mudzi, analibe nyakwawa, analibe mwinimbumba woti athamangireko. Munthu akamwalira ku Mbare kapena ku Highfield, omuika anali anzake ochokera ku Dedza, ku Ntcheu, ku Mangochi, amene ankasonkha kangachepe mwezi ndi mwezi m'magulu othandizana pamaliro. Wa tchalitchi, wa mzikiti, wa kudambwe, onse ankakumana pamoto umodzi. Akamati maliro n'kulirana sankanena mwambi chabe. Popanda zimenezo munthu ankaikidwa ndi akaidi ngati wopanda mbale. Magulu amenewo ndi amene agula bokosi lomwe linali kuseri kwa khoma limene inu munatsamira n'kumakuwa chigoli.

Ndipo si mpira wokha. Magetsi atathima, panali kasola kamodzi kotchajira. Wina anazula foni ya mayi wamasiye, foni imene abale a ku Malawi amaimbirapo, n'kulumikiza yake kuti batire isamuthere masewera ali pakati. Inu atsikana musaseke. Ndinakuonani awiri pakona ya siwa, mutafunda chitenje chimodzi, mahedifoni m'makutu, mukutsatira filimu ya zigawozigawo ija, pamene amayi anu misana ikuwawa pa miphika ya nsima ya anthu mazana awiri. Choipitsitsa chinachitika poona nkhope. Wina anatukula foni, anajambula, n'kuika pa WhatsApp. Mchemwali wa malemu, gogo wodwala mtima amene anali asanafike, ali m'basi pakati pa Mwanza ndi Nyamapanda, anaona nkhope ya mlongo wake m'bokosi pafoni ya munthu wokhala naye mpando umodzi. Kwathu uthenga wa zovuta umapita ndi munthu, amayamba wakhala pansi, amasankha mawu. Inu mwausandutsa kanema.

Makolo, nanunso mlandu ulipo. Mwana akangolira, mumamupatsira foni kuti akhale chete, m'tchalitchi, m'kombi, pamaliro pomwe. Wakula akudziwa kuti paliponse pamene patopetsa, mankhwala ake ndi galasi lowala. Lero ali ndi zaka 20 mukudabwa chiyani? Nditawadzudzula anyamata aja, bambo wina anandikokera pambali n'kunena kuti, "Achimwene, asiyeni, ndi ana a masiku ano." Ndinamuyankha kuti ana a masiku ano omwewo ndi amene adzagone pa siwa yake. Sanayankhe.

Tsobola wakale sawawa, ndikudziwa ndi mmene mukunenera mukamawerenga izi. Nenani. Masewera anu sewerani kunyumba, Loweruka masana, mundiitane ndidzayesenso kubweza zigoli 7 zija. Mafilimu onerani, mabuku werengani, ndipo amene anabwereka buku langa la Kamkwamba chaka chatha alibweze, ngakhale chikuto chitathothoka.

Mwezi wamawa tikukamanga chiliza cha mayi athu ena ku Warren Hills, ndipo usiku wake tidzachezera ku Dzivarasekwa. Tagwirizana ndi akuluakulu anzanga. Pakhomo padzakhala lichero, ndipo wolisunga ndine. Foni ya anamfedwa yokha ndiyo idzadutse.