Madiramu anu "ochapawo" adzatimaliza

Loweruka lapitali ndinapita kukatumiza kakatundu ka adzukulu pamalo ena opakira mathirela opita kumudzi, chakufupi ndi Park Station ku Joni. Zomwe ndinaona kumeneko mpaka lero mtima sunakhale pansi. Mnyamata wa ndevu zake ndithu akugubuduza diramu yabuluu, kukamwa kwake atamangako pulasitiki ndi mphira wa chubu, fungo la thinasi lili guu. Nditamufunsa anangoseka: "Musadandaule madala, ndi yochapa iyi." Opakira anainyamula n'kuikhazika pakati pa matumba a shuga ndi mabulangete a ana, pambali pake zidebe za mankhwala a klorini a HTH. Wina akusuta fodya pomwepo!

Yochapa? Anachapa ndani, ndi chiyani? Sopo ndi paipi ya madzi kuseri kwa nyumba ndiye mwati kuchapa? Diramu yokonzedwanso mwalamulo imakhala ndi chidindo cha UN, chilembo R ndi chaka chomwe anaikonza, ndipo yomwe anaiyeza kuti sikudontha imakhalanso ndi L. Yapulasitiki ikapitirira zaka 5 siyeneranso kunyamula mankhwala oopsa. Inu mumatola ya m'mbali mwa msewu, yomwe chithunzi cha chigaza anachipala ndi mpeni, n'kuthiramo asidi, petulo, mankhwala a m'munda, chilichonse chomwe mwapeza motchipa kuntchito. Munamufunsa wogulitsayo kuti poyamba munali chiyani? Iyeyo akudziwa?

Ndiye ulendo wake muuganizire. Kutentha kwa ku Musina mukukudziwa. Thirela imaima pamzere pa Beitbridge dzuwa likuswa mtengo, kenaka mabampu mpaka Nyamapanda, kenaka ng'anjo ya ku Tete. Diramu yotopa kale ija imafufuma, imang'aluka. Dalaivala munamuuza kuti ndi mafuta ophikira, papepala la kasitomu munalembetsanso bodza lomwelo. Moto ukabuka adzauzimitsa ndi chiyani, poti sakudziwa chomwe wanyamula? Iyenso ali ndi ana kwawo, abale inu.

Mwaiwala kale za ku Caphiridzange mu 2016, pamsewu womwewu wa ku Tete, pomwe thankala ya mafuta inapsereza anthu oposa 70? Nanga pa Boksburg pompano, pa 24 Disembala 2022, thankala ya gasi itaphulika pafupi ndi chipatala n'kupha anthu 41? Zimenezo zinali galimoto zopangidwira ntchito imeneyo. Nanga kadiramu kanu komanga ndi mphira?

Chomwe chimandiwawa kwambiri ndi ichi. Diramuyo ikafika kumudzi satayatu. Mayi anu amaitsukuluza kawiri, n'kuyamba kusungiramo madzi akumwa. Amaviikamo mphale, pa ukwati amathiramo thobwa, n'kumanyadira kuti mwana wanga wa ku Joni wanditumizira. Pulasitiki imamwa mankhwala, ndipo kutsukuluza sikuwachotsa. Mwana akayamba kusanza mudzati walodzedwa, mudzaloza chala agogo osalakwa a kuseri kwa dambo. Ana asanu ndi mmodzi a ku Naledi ku Soweto anapita mu 2024 ndi poizoni wa terbufos, tonse tinalira. Lero mukutumiza nokha chotengera poizoni kukhitchini kwa mayi anu okubalani!

Inunso a thiransipota, ndalama ya diramu imodzi ikuposa miyoyo ya anthu? Bwanji osatsegula n'kununkhiza musanapakire?

Wamkulu mnzanga wina anati ndisiye, ndidzadana ndi anthu. Adane nane. Mnyamata iwe wa Loweruka, ngati ukuwerenga, uchite manyazi.